A Sisitala Zuze ndi Singano ya Lachisanu

Uthenga wa imfa ya a Sisitala Zuze unandipeza ndili ndi mopu m'manja, pakhonde la wodi ya abambo. Namwino wina anangondiyandikira n'kunena motsitsa kuti mayi anu aja a ku Mpingwe atisiya m'mawa uno. Ndinapitiriza kukolopa mpaka kumapeto kwa khondelo, chifukwa eni akewo sakanandikhululukira kusiya pansi ponyowa odwala akudutsapo. Nditamaliza ndinakalowa kochapira, n'kugwada pakati pa ndowa, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi ameneyu. Misozi inabwera pambuyo.

Pamwambo woperekeza thupi kwawo ku Nsanje analankhula akuluakulu. Ananena za zaka zimene anagwira ntchito, za kukhulupirika kwawo, za ana amene anaphunzitsa. Zonsezo n'zoona. Koma za Lachisanu lija palibe anatchula, ngakhale ena mwa olankhulawo analipo tsikulo. Ndiye ndati ndilembe ine. Chipatala chake sinditchula dzina, poti ndikadagwirabe ntchito komweko, cha ku Limbe kuno. Yanga ndi yokolopa, kutaya zinyalala ndi kusintha zofunda za odwala.

Anali munthu wamfupi, woyenda mopendekera mbali imodzi chifukwa cha msana umene unawonongeka ndi kunyamula odwala. M'mawa akalowa m'wodi sankayamba ndi moni. Ankayamba ayang'ana pansi ngati pali madzi, n'kutsegula mpopi kuona ngati ukutuluka, n'kusuzumira m'bokosi lotayiramo singano, kenako mazenera. Mazenera onse ankatsegula, kaya ndi mwezi wa Juni chiperoni chili mbuu kuchokera ku Thyolo. Odikirira odwala ankang'ung'udza kuti nesi uyu afuna kutipha ndi chisanu, iwo ngati sakumva. Akatha zonsezi ndiye amatembenuka n'kufunsa kuti mwadzuka bwanji nonse.

Za mazenerazo ndinadzamva mochedwa. Ali mtsikana, atangoyamba unamwino, anawaika m'wodi ya anthu otsokomola imene mazenera ake anali okhomerera ndi misomali. Anatenga chifuwa chachikulu, n'kugona miyezi yambiri. Atachira n'kubwerera, a ku ofesi anawauza kuti matendawo ayenera kuti anawatenga kunyumba. Palibe anapita kukazula misomali ija. Anakazula okha, ndi pulayala yobwereka kwa mlonda.

Ankakonda kunena kuti chipatala chimadziwa matenda a wodwala aliyense, dzina lake ndi mankhwala ake, koma sichidziwa kuti wantchito wake akudwala chiyani. Ankatinso anthu amatamanda namwino kuti ndi wodzipereka pofuna kuti asapemphe kanthu, ndipo kudzipereka sikutanthauza kudzitaya. Akakwiya Chisena chinkatulukira m'mawu, ndiye tikamva chayamba tonse tinkapeza chochita kutali.

Sindinama kuti anali ofatsa. Mtsikana wina wophunzira unamwino anamuona akubwezera chivindikiro pa singano atabaya wodwala, anamukalipira pamaso pa wodi yonse mpaka mwana wa eni analira. Kupepesa sanapepese. Anamwino anzawo kumbali ankawatcha a Polisi. Pa nthawi ya tiyi ndinkawamva anamwinowo akudandaula okhaokha: akuti pepala lolembapo ngozi ndi msampha, ukalemba kuti wabayidwa, funso loyamba n'lakuti unasasamala bwanji, akuti komiti yoona za chitetezo cha antchito imakumana pokhapokha kukamabwera alendo, akuti msana ukathyoka amakuuza kuti ndi ukalamba. Onse ankagwirizana kuti zinthu sizili bwino. Kusiyana kwake, iwo ankanenera ku tiyi, a Sisitala Zuze ankakanenera ku ofesi, ndipo ankabwerako nkhope ili gwaa.

Pachipatala pathu panali mwambo umodzi umene aliyense ankaudziwa koma osautchula. Mabokosi achikasu otayiramo singano zogwiritsa kale ntchito ankatha msanga, ndipo ukapempha ena unkaoneka wovuta. Ndiye anamwino ankangotenga makatoni a madzi a dilipi, n'kuboola pamwamba, n'kumaponyamo singano. Katoni yotere ikanyowa kunsi imafewa ngati buledi. Koma kukamveka kuti kukubwera alendo odzayendera chipatala, kusitolo kunkatseguka: mabokosi atsopano, magolovesi okhuthala, jombo, sopo pa mpopi uliwonse. Alendo akachoka, zotsala zinkabwerera kukatsekeredwa, kudikira alendo ena.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndisanalembedwe ntchito yokhazikika. Ankandilemba miyezi itatu itatu, ndipo Tamandani wanga anali akadayamwa. Linali Lachisanu, Lolemba lake linali la tchuthi. Alendo ankayembekezeka teni koloko, ndipo tinalamulidwa kuti makatoni onse a singano asaoneke m'wodi ikamakwana naini. Wilibala imene timanyamulira zinyalala inali itatengedwa kukatuta miphika ya maluwa yoika pakhomo. Ndiye ndinanyamula matumba akuda awiri pamanja, kuthamangira nawo kung'anjo kumene timaotchera. Sindinadziwe kuti munthu wina, pofulumira, anaponya katoni yonyowa m'thumba la zinyalala wamba. Thumba limodzi litayamba kutsetsereka, ndinaligwira kunsi ndi chikhatho.

Ululu wake unali wochepa, ngati wa munga. Nditayang'ana ndinaona singano itatulukira papulasitiki, yokhuthala, ya mtundu wotengera magazi. Pansi pa chala changa chachikulu panatuluka kadontho kamodzi kofiira. Matumbawo anali ochokera m'wodi ya abambo, ndipo masiku amenewo ambiri ogona mmenemo anali ofooka ndi kachilombo.

Ndinaima pang'anjopo ndekha. Ndinafinya chalacho, ndinathirapo jiki, ndinapemphera, ndinavala golovesi, n'kubwerera kukakolopa. Ndinatsimikiza mumtima kuti sindiuza munthu. Mayi amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anabayidwapo n'kukanena, ndipo miyezi yake itatu itatha sanamuitanenso. Komanso ndinkadziwa kuti asanakupatse mankhwala oteteza amayamba akuyeza magazi, ndiye nkhani yotere ndikanakayamba bwanji kwa bambo a kunyumba? Ndinati Mulungu amene anatseka pakamwa pa mikango atsekanso apa.

Pa nkhani ya pemphero tinali titakanganapo kale ndi a Sisitala. Tsiku lina anandipeza ndikuchapa nsalu za magazi ndi manja osavala kanthu, ndikuyimba nyimbo ya kumpingo. Nditawauza kuti ine amanditeteza ndi Yesu, anandiyankha kuti iwonso ndi wa Chigwirizano cha amayi, ndipo Mulungu yemweyo amene anatipatsa pemphero ndi amenenso anapatsa anthu nzeru zopangira magolovesi, ndiye kukana chimodzi n'kumuyesa. Ndinawakwiyira sabata yathunthu. Ndinkaona ngati andinyozera chikhulupiriro.

Lachisanu limenelo sindinathe ngakhale theka la ola. Ndikukolopa pakati pa mabedi ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Make Tama, munayamba liti kugwira mopu ndi dzanja lamanzere?"

Ndinati lamanja langotopa. Anandilozera kochapira ndi mutu, n'kutseka chitseko titalowa.

"Vulani golovesi."

Ndinavula. Fungo la jiki linadzaza kachipindako. Anagwira dzanja langa n'kuliyang'ana pafupi.

"Nthawi yanji?"

"Sinalowe kwambiri, Sisitala."

"Sindinafunse kuti yalowa bwanji. Nthawi yanji?"

Ndinawauza kuti cha m'ma hafu eyiti. Ananditsuka ndi sopo pa madzi oyenda, uku akundiuza kuti jiki ndi kufinya sizithandiza, zimangopweteka chilonda. Kenako anandifotokozera mosabisa. Mankhwala oteteza ku kachilombo amagwira bwino ukayamba msanga, ndipo pakadutsa masiku atatu alibenso ntchito. Pachipatala pathu ankatsekeredwa m'kabati kolandirira mankhwala, ndipo kiyi ankasunga a Che Saidi, ogawa mankhwala. Lachisanu lililonse a Che Saidi ankatseka twelofu koloko kupita kumzikiti, ndipo sabata imeneyo akachoka kumeneko ankapitirira kumudzi mpaka Lachiwiri. Lamulo la pamalopo linali lakuti sangapereke mankhwalawo kwa wantchito popanda pepala la ngozi losainidwa ndi bwana wa ku ofesi.

Ndinawagwira mkono, ndinawachonderera kuti asalembe, andichotsa ntchito.

"Ntchito ikatha mudzapeza ina m'Limbe muno," anatero. "Nanga Tamandani mayi wina akamupeza kuti?"

Analemba pepalalo ataima, n'kunditenga kupita kwa bwana. Tinawapeza pakhomo lalikulu, atavala suti, akuuza anthu poika maluwa. Sindikufuna kuwanamizira, sanali munthu woipa mtima. Koma atawerenga pepalalo nkhope inasintha. Anati tidikire alendo achoke, cha m'ma wani koloko. A Sisitala anawakumbutsa za a Che Saidi. Bwana anati ndiye ndipite kuchipatala china mwakachetechete, ngati wodwala wamba, popanda pepala. A Sisitala anakana. Anati popanda pepala ndiye kuti ngoziyo sinachitike, ndipo mayi uyu akatuluka pageti pano sakapita kuchipatala china ayi, akakwera minibasi ya ku Chilobwe n'kukadzitsekera m'nyumba. Ankanena zoona. Ndi zimene ndinali kuganiza nthawi yomweyo.

"Sisitala," anatero bwana motsitsa mawu, "mukufuna kutiyalutsa pamaso pa alendo chifukwa cha kachilonda kosaoneka n'komwe?"

Asanayankhidwe, galimoto za alendo zinalowa pageti. Bwana anabwezera pepala lija m'manja mwa a Sisitala, n'kupita kukalonjera akumwetulira.

Tinaima pakhonde. Hafu teni inakwana, leveni inadutsa. Alendo ankayenda chipinda ndi chipinda, tinkawamva akuyamikira mabokosi achikasu ndi sopo wa pampopi. Kawiri konse a Sisitala anatuma namwino kukanong'oneza bwana, kawiri konse yankho linali lakuti adikire pang'ono. Mabere anga anali atadzaza mkaka, akuwawa, ndipo nthawi iliyonse ndikaganiza za kukayamwitsa madzulo ndinkaopa kuti ndimupatsira mwana kachilombo. Anamwino odutsa ankayang'ana kumbali. Mmodzi anaima n'kuuza a Sisitala kuti aganize bwino, mpando wa metironi, mkulu wa anamwino, ukutsala pang'ono kukhala wawo, asautaye chifukwa cha ola limodzi. Iwo anangoyang'ana wotchi ya pachifuwa pawo.

Itatsala kotala kuti ikwane twelofu, ndinaona a Che Saidi kumapeto kwa khonde atavala chipewa chawo choyera, akutsitsa chotsekera pazenera la mankhwala. A Sisitala anandigwira pamkono. Dzanja linkanjenjemera, ndipo ndinadabwa kuona kuti silinali langa, linali lawo. Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti mayi ameneyu sadziwa mantha.

Tinalowa m'wodi ya abambo momwe munali alendo, anthu asanu ndi mmodzi ndi mabuku awo, bwana ali pakati akufotokoza. A Sisitala anandiimika kutsogolo, n'kukweza dzanja langa kuti onse alione.

"Pepani alendo athu, ndakudulani pakamwa. Mayi awa abayidwa ndi singano m'mawa uno, pochotsa makatoni athu kuti inu musawaone. Akufunika mankhwala isanakwane twelofu, ndipo pepala ili likudikira dzanja la abwana."

Wodwala wina pakona anatsokomola, n'kusiya. Ine ndinayang'ana pansi pamene ndinakolopa ndekha, ndikufuna patatseguka ndilowe. Kenako mayi mmodzi mwa alendowo, wamkulu ndithu, anachotsa cholembera pabuku lake n'kupatsa bwana. Bwana anasaina pepalalo atalitsamiritsa pa kabati ya wodwala.

Sindinaonepo a Sisitala akuthamanga koma tsiku limenelo, ndi msana wawo womwewo. Tinapeza a Che Saidi atakhoma kale chitseko, koma ataima pomwepo kiyi ali m'manja. Anali atamva mphekesera. Anati amadikira kuti aone ngati tibwera, Mulungu aona yekha chimene chawachedwetsa kupita kumzikiti. Anandiyeza magazi, anapezeka abwino, ndipo ndinameza mbulu woyamba ndi madzi a m'kapu ya a Che Saidi. A dokotala anandilangiza za mwana, ndinatsatira zonse.

A Sisitala sanawachotse ntchito. Anangowasamutsa m'wodi kupita kukachipinda komangira mabala, kuseri, kumene alendo safikako. Umetironi anapatsa wina wamng'ono kwa iwo, amene anamuphunzitsa okha. Anamwino ena anasiya kumwa nawo tiyi, akuti atibweretsera mavuto tonse. Ena ankapita kukawathokoza poonetsetsa kuti palibe akuwaona. Ine miyezi yanga itatha anandilembanso, mwina chifukwa dzina langa linali litalowa m'mabuku a alendo aja. Mankhwala oteteza anayamba kusungidwa m'wodi, pamene namwino aliyense wa pantchito angawapeze. Mabokosi achikasu ndiye amathabe mpaka lero.

Mwezi wa mankhwalawo unali wowawa. Nseru, chizungulire, thupi lonse lolemera. Kawiri ndinafuna kusiya. M'mawa uliwonse a Sisitala ankatulukira kukachipinda kawo n'kundiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu, iwo n'kubwerera. Bambo a kunyumba atapeza botolo la mankhwala m'chikwama mwanga, nyumba inatentha. Anaganiza zina. Lamulungu lotsatira masana a Sisitala anakwera maminibasi awiri kuchoka ku Mpingwe, n'kukwera chitunda chathu chamiyala cha ku Chilobwe wapansi, akupumira m'njira. Anakhala pampando ndi bambo ola lathunthu, pepala la ngozi lija ali nalo m'manja. Pochoka anawauza kuti mkazi wawo wavulala pantchito ngati mmene mmisiri amagwera pa denga, ndiye amusamale.

Atapuma pantchito ndinkawayendera ku Mpingwe ndikapeza mpata. Ulendo womaliza unali miyezi iwiri yapitayo. Anali ataonda, akuyenda ndi ndodo, koma maso ali omwe aja. Tamandani, amene tsopano ali ku sekondale, anawatengera nthochi. A Sisitala anandifunsa ngati zipangizo zikukwanira masiku ano. Ndinati zikukwanira, iwo anaseka n'kunena kuti kunama sindinaphunzirebe. Ndinalimba mtima kufunsa chimene chinkandivuta zaka zonsezi, ngati sanadandaulepo kutaya umetironi chifukwa cha ine wokolopa.

"Chimene ndimadandaula n'china," anatero. "Ndinakuimikani pakhonde paja kuyambira teni mpaka kotala tu twelofu, ndikuopa. Ndikanalowa nthawi yomweyo."

Ukatha mankhwala aja munthu sumasuka msanga. Umayezedwanso, n'kudikira, n'kuyezedwanso. Panja pa chipinda choyezera magazi pali benchi yathabwa, yaitali, yotsamira khoma. Ulendo uliwonse a Sisitala ankasiya mabala awo n'kudzakhala nane pamenepo. Ankakhala kumapeto kwenikweni, pakona, kuti msana utsamire makoma awiri. Sankandilimbikitsa ndi mawu, sankandiuza kuti zikhala bwino, poti sankalonjeza chimene sakuchidziwa. Tsiku loyezedwa komaliza ndinawapempha kuti tipemphere. Anandigwira dzanja lomwe lija, n'kupemphera m'Chisena, motsitsa, mawu ochepa. Chitseko chitatseguka anandidzutsa, ndinalowa. Nditatuluka ndi uthenga wakuti magazi ali bwino, anangoti zikomo Ambuye, n'kundiuza kuti ndikamalize kukolopa khonde la ana.

Ndinadzamva kuti sanachite zimenezi ndi ine ndekha. Aliyense wobayidwa, kaya namwino, kaya wochapa, kaya dokotala, ankawapeza pakona pamenepo akumudikira.

Benchiyo ikadalipo. Mwendo umodzi anaumanga ndi waya, ndipo pamwamba pake anapachika chikwangwani chatsopano chonena zoyenera kuchita ukabayidwa. Dzulo m'mawa ndikukolopa khonde limenelo ndinapeza namwino wachitsikana, wobwera chaka chino, amene sanawaonepo a Sisitala. Anakhala yekha pakati pa benchi ndi yunifolomu yake yoyera, pepala la ngozi lili pamiyendo, maso ali pachitseko. Anabwera yekha, osakokedwa ndi munthu. Koma milomo inali itauma, ndipo phazi limodzi linkagunda pansi osaleka.

Ndinatsamiritsa mopu kukhoma, ndinavula magolovesi, n'kukhala pambali pake. Anasendera kuti andipatse malo, kulowera kukona. Ndinamugwira pabondo kuti akhale pomwe ali. Tinadikira awiri. Kumapeto kwa benchi, pamene makoma awiri amakumana, panatsala malo okwana munthu mmodzi wamfupi, ndipo dzuwa lolowera pazenera linafika pathabwapo n'kukhala pomwepo mpaka chitseko chinatseguka.